Mbendera Yofiira ya a Metro

Dera la khonsolo ya Badger Coulee lili ndi misewu yambiri kuposa anthu, ndipo munthu amene ankaidziwa misewu yonseyo dzenje ndi dzenje anali mmodzi yekha, Wendell Thiessen, woyendetsa giledala. Anali atakhala pampando umenewo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Nthawi yotentha ankasalaza miyala, nthawi yozizira ankakankha chipale chofewa kuti anthu apite kuchipatala ndi kukatenga makalata. Sanali munthu wa mawu ambiri, koma pa ntchito yake anali ndi matama oti tonse tinkawadziwa. Msewu umene wadutsa iye unkachita kuoneka ngati malaya ositidwa, ndipo akaona mzere wokhota wa mnzake wa khonsolo yoyandikana nayo ankapukusa mutu tsiku lonse.

Lamulo la mbendera aliyense ankalidziwa. Giledala ndi ya misewu ya khonsolo, si ya tinjira tolowera kumakomo kwa anthu. Wofuna kuti amukankhire chipale m'kanjira kake amakatenga kambendera kofiira ku ofesi n'kukazika pampata. Wendell akakaona amakhota, amalowa mpaka pakhomo, ndipo potuluka amazula kambenderako n'kukakapereka kwa Marlys, mlembi wa khonsolo. Popanda mbendera salowa. A khonsolo analikhwimitsa lamuloli chaka chimene giledala ina inagumula khola la munthu amene sanaiitane, mlandu wake n'kutenga misonkhano isanu ndi iwiri.

Kumpoto kuli msewu umene timautchabe Msewu wa Sukulu, ngakhale sukuluyo inasanduka nkhokwe ya tirigu kalekale. Wendell anakulira mumsewu umenewo, pamene munali mabanja khumi ndi limodzi. Tsopano utsi unkatuluka panyumba imodzi yokha, ya a Metro Hnatiuk, mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi, amene akazi awo a Stefania anali atamwalira zaka zitatu zapitazo. Chaka chimene bambo ake a Wendell anagwa m'munda tirigu asanakololedwe, ndi a Metro amene anabwera ndi makina awo, nakolola munda wonse masiku anayi wawo ukudikira, osalola kulandira ndi khofi yemwe. Zoterezi kwathu sitizitchula kawirikawiri, koma sitiziiwala.

A Metro sanazikepo mbendera chibadwire. Kanjira kawo, kotalika ngati mabwalo anayi a mpira, ankakatsegula okha ndi thirakitala yawo yakale. Mwana wawo Lesia, namwino mumzinda wa Saskatoon, anali atatopa ndi kuwanyengerera kuti asamukire kunyumba ya okalamba pafupi ndi iye, ndiye pamaliro a mayi ake anapangana nawo pangano pamaso pa anthu, akuwatchula Tato, kutanthauza bambo m'chinenero cha makolo awo.

"Tato, khalani kuno malinga ngati mukutha kutsegula nokha kanjirako. Koma tsiku limene mbendera idzaoneke pampata, ndikubwera kudzakutengani, ndipo sitidzakanganaso."

A Metro anavomera, anagwirana naye chanza ngati akugulitsana ng'ombe. Marlys anali mnzake wa Lesia kuyambira kusukulu, choncho mbendera ikanangofika ku ofesi, foni ikanalira ku Saskatoon tsiku lomwelo. Panganoli dera lonse linkalidziwa, mpaka ana.

M'mwezi wa Disembala kunagwa chipale masiku awiri osalekeza, mphepo n'kuchiunjika m'misewu. Wendell anafika ku Msewu wa Sukulu tsiku lachitatu dzuwa lili pamutu. Pampata pa a Metro panali pa mbee, popanda ndi phazi lomwe, mbendera kunalibe, koma utsi unkatuluka pachumuni. Anaimitsa giledala m'mbali, nalowa wapansi chipale chikumulekeza m'mawondo.

Asanagogode anayamba wadutsa kushedi. Thirakitala inali pomwepo, yopukutidwa bwino. Pansi pa chopondera chake panali bokosi la mabotolo limene munthu analiika kuti akwererepo, ndipo pambali pake chipale chinali chitaphwanyika malo aakulu, pomwe munthu anagwa n'kuvutika kudzuka. Wendell anayang'ana malowo nthawi yaitali.

Anawapeza a Metro kukhitchini akudula soseji ya adyo, ataimira mwendo umodzi mobisa.

"Mwana wa Thiessen, a khonsolo ayamba kukulipira kuti uziyendera anthu m'makomo? Khala pansi, supu ali pamoto."

"Ndaona kuti simunatsegule, ndiye ndati mwina thirakitala yakana kulira."

"Yakana? Imene ija imalira ndisanaikhudze n'komwe. Ndikudikira mphepo ileke. Ndani amasesa pabwalo kamvuluvulu asanadutse?"

Kunja kunali bata loti n'kumva khwangwala ali kutali. Wendell anamwa supu wake, kenako anati, "Mundipatse kiyi ndikuyendetsereni. Ola limodzi ndatha."

A Metro anaika mpeni pansi. "Ndinamuuza mwana wanga kuti ndidzatsegula ndekha. Ndikakupempha iwe, kapena ndikakupatsa kiyi, ndiye kuti ndazika mbendera basi, kungoti yosaoneka. Sindinamunamizepo Lesia, ndipo sindiyambira pa ukalamba." Anapukuta tebulo pomwe panali poyera kale. "Idya msanga uzipita. Ine ikakwana wani koloko ndimagona, ndipo makutu angawa masiku ano, ngakhale sitima itadutsa m'khitchini muno sindingamve."

Galu wamkota sakandira pachabe. Wendell anabwerera kugiledala, anakhala m'menemo mpaka wani koloko itapitirira ndi mphindi khumi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anakhotera m'kanjira kopanda mbendera.

Kutsegula kokha sikunali vuto, inali ntchito ya mphindi khumi. Vuto linali lakuti giledala imadula motakasuka ndi mosalala, pomwe thirakitala ya a Metro inkasiya kanjira kopapatiza, kokhotakhota, ka milu uku ndi uku. Aliyense wodutsa akanadziwa. Ndiye Wendell, munthu amene ankadwala ndi mzere wokhota wa mnzake, anayamba kuwononga ntchito dala. Ankakweza chikhasu cha giledala n'kuchitsitsa mwadzidzidzi, ankapotoza chiwongolero ngati woledzera, ankasiya zibuma pakati. Atamaliza anayang'ana m'mbuyo, manyazi n'kumugwira ngati wavala malaya chambuyo kutchalitchi. Mawa lake anaona kuti galimoto ya a Metro yayenda m'kanjiramo kupita ndi kubwera kangapo konse, mpaka mapazi a matayala a giledala anafufutika.

Zinayenda choncho Disembala yense ndi Januwale. Awiriwo sanakambirane kanthu. A Metro ankabwera Lachisanu lililonse kudzamwa khofi kuhotela ya m'tauni, pa tebulo lalitali pomwe alimi amakhala n'kumadandaula za mitengo ndi nyengo, ndipo ankanena mokweza kuti thirakitala yawo chaka chino ikugwira ntchito ngati mwana.

Lesia anabwera pa Khirisimasi, imene tchalitchi chawo chimakondwerera m'Januwale. Anakumana ndi Wendell pasitolo akutsitsa katundu m'galimoto.

"A Wendell, mwaona kanjira ka Tato? Kakhota ngati njoka. Koma atsegula, sindingawatsutse." Anaseka, kenako kuseka kunatha. "Ine anthu kuno amandiona ngati wankhanza. Koma ndimagwira ntchito m'chipatala, ndaona nkhalamba zimene anazipeza panja patapita masiku awiri. Foni ikalira m'mawa ndimayamba ndapemphera ndisanaiyankhe. Inu mumadutsa kumeneko. Mukadzaona china chake mudzandiuze, chonde."

"Ndidzakuuzani," anatero Wendell, maso ali pa matayala a galimoto.

 Kuyambira tsiku limenelo ankati akamayandikira Msewu wa Sukulu amayamba wafunafuna utsi, ndipo akachedwa kuuona ankaithamangitsa giledala. Ankadziwa kuti mkuluyo akadzagwanso pakati pa nyumba ndi shedi, amene anamusunga kumeneko adzakhala iye. Koma ankadziwanso mmene a Metro ankakhalira pazenera la kukhitchini, pomwe ankaona mzere wa mitengo imene anadzala ndi a Stefania, ndi mtanda wa katchalitchi komwe a Stefaniawo anagona. Mbali zonse ziwiri zinali zoona, ndipo iye ankangokankha chipale.

Chimene chinamugwiritsa ndi dzanja lake lomwe. M'kanjira ankatha kudziletsa, koma pabwalo la nyumba, pomwe giledala imayenera kutembenuka, dzanja linkaiwala bodza n'kuchita zimene linazolowera. Linkazungulira kamodzi, mosalala, bwalo n'kutsala lozungulira ngati mbale. Tsiku lina m'Febuluwale a Gordon Halvorson, wapampando wa khonsolo, anapita kwa a Metro kukawasiyira mapepala a chisankho, nakaona bwalo limenelo.

Lachisanu lake tebulo la kuhotela linali lodzaza. A Halvorson anadikira kuti aliyense athire shuga.

"A Metro, thirakitala yanu ija mwaiphunzitsa kuvina? M'kanjira ikuyenda ngati yamwa, koma ikafika pabwalo ikuzungulira ngati mkwatibwi."

"Ikamaona nyumba imasangalala," anayankha a Metro osakweza maso. "Si ngati anthu ena amene akazi awo amachita kuwaimbira foni kuti abwerere."

Anthu anaseka mpaka wina khofi anamutsamwa. Nawonso a Halvorson anaseka, koma potuluka anamugwira paphewa Wendell, amene nayenso anali pa tebulopo, naima naye panja pafupi ndi zenera, nthunzi ikutuluka m'kamwa.

"Wendell, ine si mwana. Theka la tebulo lija likudziwa, ndipo awiri abwera kale ku ofesi kudzafunsa chifukwa chake iwo amazika mbendera pomwe ena sazika. Nanenso madalawa ndimawakonda, anandiphunzitsa kuwotcherera zitsulo. Koma ukadzagunda thanki yawo ya gasi, kapena iwo akadzapezeka ataumira panja ndi chisanu, Lesia adzafunsa kuti kanjira ankatsegula ndani. Ndidzayankha chiyani?"

A Halvorson anatsitsa mawu.

"Zapitazi sindinazione. Koma ukalowanso kamodzi popanda mbendera, nkhani ipita kumsonkhano, ndipo kumeneko ndilibe mphamvu yokuteteza. Kwatsala zaka zitatu kuti upume pantchito bwinobwino. Usataye mpando chifukwa cha kanjira."

Wendell atacheuka anaona a Metro kuseri kwa galasi, kapu ili m'manja, akuwayang'ana. Makutu aja amene sakanamva sitima m'khitchini sanafunikire kumva kanthu.

Kunapita masiku asanu ndi anayi kopanda chipale, ndipo Wendell anayamba kuyembekeza kuti mwina nyengo yozizira yatha msanga. Anthu a kuno timadziwa kuti Malichi salola zimenezo, koma munthu akapanikizika amakhulupirira zilizonse. Lamlungu masana mphepo inatembenuka, ndipo pofika Lachiwiri misewu yonse inali itakwiririka.

Lachitatu m'mawa, akumanga nsapato, mkazi wake Joanne anamuikira chakudya m'chikwama, naima pakhomo.

"Ukalowa, eti?"

"Sindikudziwa."

"Ukudziwa. Ndakhala nawe zaka makumi atatu." Anamukonza kolala ya jekete. "Ukatsegule bwino basi, ngati n'kuchotsedwa ntchito uchotsedwe ndi mzere wowongoka."

Anayamba ndi msewu wa basi ya ana, kenako wa kwa mayi wina amene anali pafupi kuchira, monga mwa ndondomeko. Ku Msewu wa Sukulu anafika cha m'ma leveni. Njira yonse anali akudziuza kuti akaima pampata n'kuganiza bwino, koma mumtima anali atakhota kale. Anadutsa pamene panali kwa a Petryk, pamene panali kwa a Dyck, pamene panali kwawo, malo onse atatu mitengo yokhayokha yozungulira chipale. Utsi wa a Metro anauona ali patali, napuma.

Kenako anaona kanthu kofiira pampata.

Poyamba anayesa ndi chipewa chimene chauluka. Atayandikira anaona kuti ndi mbendera, yatsopano, yopindikabe m'mene inakhalira m'kabati ya a Metro zaka zonsezi, itazikidwa mowongoka pamulu wa chipale. Pambali pake panaima a Metro, atavala chijasi chawo chakuda cha kutchalitchi, atatsamira ndodo. Kumbuyo kwawo kunali mzere wa mapazi kuchokera kunyumba, ndipo m'malo awiri mzerewo unali utaphwanyika kwambiri.

Wendell anatsika osazimitsa injini.

"Bambo, mwayenda bwanji mtunda wonsewu? Mukanagwa osadzuka?"

"Ndagwa kawiri, ndadzuka kawiri. Ukufuna chiyaninso?" Ndevu zawo zinali zitauma ndi chisanu. "Mbendera ndi imeneyo. Lowa."

"Zulani. Palibe waiona. Ine ndabwera kudzalowa ndithu, mbendera kapena ayi."

"Ndikudziwa kuti wabwera kudzalowa, ndiwe wouma mutu ngati bambo ako. N'chifukwa chake ndalawirira."

"Ndiye ndiiponya m'thumba. Marlys sadzaiona. A Halvorson akafunsa ndidzati mbendera inalipo, ndipo sindidzakhala ndanama."

A Metro anamuyang'ana ngati mmene ankamuyang'anira ali mnyamata akalakwitsa kumanga chingwe.

"Lesia ndamuimbira ndekha usiku wathawu. Ndamuuza zonse, kuyambira Disembala. Analira, kenako anandikalipira, kenako anati ndikuuze kuti akadzakuona adzakumenya ndi thumba la mbatata, akatha adzakupsompsona." Anatsokomola. "Akubwera Loweruka ndi chigalimoto chonyamula katundu. Ine ndinagwirana naye chanza, mwana wa Thiessen. Miyezi itatu ndakhala ndikugona masana ndilibe tulo. Nditenge nyengo yozizira imodzi pamsana pako, chabwino, ndatenga, ndipo inali yokoma. Koma nditengenso ntchito yako? Stefania angandilandire bwanji?"

Wendell anafuna kunena kuti kwatsala milungu itatu yokha chipale chisungunuke, kuti akanapirira pang'ono akanaona atsekwe akubwerera, akanadzala adyo wawo. Koma anaona kuti n'zopanda pake, chifukwa onse awiri ankadziwa kuti Disembala wina akubwera, ndipo chopondera cha thirakitala sichidzatsika. Anangoima chilili, misozi ikuuma m'masaya isanafike pachibwano.

"Usandiyang'ane ngati ndafa," anatero a Metro. "Ndili ndi dandaulo limodzi, ndipo ndikulipereka kwa wantchito wa khonsolo. Nyengo yonseyi wandichititsa manyazi. Dera lonse likuti Metro wakalamba, sathanso kuwongola mzere. Ine ndinalima mizere ya mtunda wathunthu yowongoka ngati chingwe iwe usanabadwe. Lero pali mbendera. Ugwire ngati munthu wodziwa ntchito, ndipo ukulitse, chigalimoto chija chidzalowe osakhudza mitengo ya Stefania."

A Metro anaumirira kukwera nawo, koma kukwera giledala n'kovuta kuposa thirakitala. Wendell anagwada bondo limodzi m'chipale, a Metro anaponda pantchafu yake, kenako paphewa, akutukwana m'chinenero cha makolo awo, mpaka anakhala pakampando kam'mbali, ndodo ili pakati pa miyendo.

Wendell anatsitsa chikhasu pang'onopang'ono mpaka chinakhudza pansi, nachipendeketsa mmene chimafunikira. Chipale chinayamba kupindika n'kugwera kumbali mofanana, osasiya ndi chibuma chimodzi. Anapita mpaka kunyumba, anazungulira pabwalo, nabwerera kukulitsa mbali inayo. Anapitanso kachitatu, ngakhale panalibe chotsala, kungosalaza m'mphepete. Njira yonse a Metro ankangoyang'ana kutsogolo, nthawi zina kumitengo, nthawi zina kumtanda wa katchalitchi kuja.

Ulendo womaliza Wendell anaima pakhomo, nawatsitsa. A Metro anatembenuka, anatsinzina diso limodzi monga amachitira mlimi poyeza mzere, nayang'ana kanjira konse kuchokera pakhonde mpaka kumsewu. Kanali kotakasuka, kowongoka, koyera mbali zonse ziwiri, ndipo kumapeto kwake kambendera kankaoneka ngati kadontho.

"Eya," anatero. "Ndiye kanjira kotulukira munthu kameneka."

Analowa m'nyumba kukayamba kulongedza. Wendell anayendetsa giledala mpaka pampata, anatsika, nagwira kamtengo ka mbendera kuti azule. Sikanasunthe. Mkuluyo anali atakakhomera pansi ndithu, kupyola chipale mpaka m'dothi louma, kuti mphepo isakagwetse ndiponso kuti munthu wachifundo asanamizire kuti sanakaone. Wendell anachita kugwira ndi manja awiri.